Kazitape Wopanda Mudzi: Maganizo a Owerenga pa Benni Kamba 009

Mu 1980 kampani ya Macmillan idasindikiza buku la David Maillu wa ku Kenya lotchedwa The Equatorial Assignment. Lidatuluka m'mndandanda wa Pacesetters, umene udayamba mu 1977 ndi kufika pa mabuku oposa 100. Mwininkhani wake ndi Benni Kamba, kazitape wa nambala 009, amene ntchito yake ndi kuteteza Africa kwa adani akunja ofuna kuilamulira mwamseri.

Maganizo a owerenga pa bukuli ngogawikana pawiri. Osanthula zolemba ndi aphunzitsi ambiri amati Maillu adangotenga James Bond wa Ian Fleming ndi kumudetsa khungu: nambala yokhayo ikuulula kale, ndipo mfuti, galimoto zaliwiro ndi mkazi wokongola woopsa nzobwereka zonse. Amatinso mathero ake amadziwika munthu asadatsegule tsamba loyamba. Koma amene ankabwerekana mabukuwa m'masukulu a sekondale, mpaka zikuto kuthothoka, dandaulo lawo nlina. Iwo amati Kamba adawachepera. Adabweranso mu Operation DXT mu 1986, kwa wosindikiza wina, pamene iwo ankafuna kukumana naye chaka ndi chaka.

Pa mfundo imeneyi ife tili mbali ya owerenga wamba. Kubwereza si chilema m'nkhani za mtundu uwu. Palibe mwana wokhala pamoto madzulo amene amaopa kuti Kalulu afera m'dzenje. Chimene amadikira ndi kumva njomba imene Kalulu atulukire lero. Omvera a Julius Chongo pa pulogalamu ya Poceza m'Madzulo ankabwerera ku wailesi chifukwa ankadziwa mawu ndi nthabwala zimene akazipeze. Ku Ulaya nako nchimodzimodzi: Conan Doyle atapha Sherlock Holmes mu 1893, owerenga sadamuleke mpaka adamuukitsa, ndipo Fleming atamwalira mu 1964 Bond adapitirira m'manja mwa Kingsley Amis mu 1968 ndi John Gardner kuyambira 1981. Wowerenga wopempha buku lotsatira wayamba kuwerenga popanda chikwapu cha mayeso, ndipo mphunzitsi wa chiyankhulo sayenera kupeputsa zimenezo.

Pamene tikusiyana nawo owerengawa mpoti amamukhululukira Kamba msanga. Munthuyu alibe mudzi, alibe malume, ndipo sitimva chiyankhulo chimene amalotera. Africa amene akumuteteza ndi wa pamapu chabe. Tikamuyerekeza ndi Willy Gamba, kazitape wa Elvis Musiba wa ku Tanzania, kusiyana kumaonekera poyera. M'mabuku monga Kufa na Kupona (1974), Kikosi cha Kisasi (1979) ndi Njama (1981), Gamba amayenda m'mizinda yodziwika ndi maina, nkhondo yake ndi yomasula kummwera kwa Africa, ndipo koposa zonse amayankhula Chiswahili.

Chinyanja sichidabale Willy Gamba wake, chonsecho nkhani sidasowe. Herbert Chitepo adaphedwa ndi bomba la m'galimoto ku Lusaka pa 18 Malichi 1975. Jason Moyo adafa ndi bomba la m'phukusi mumzinda womwewo mu 1977. Asilikali a Rhodesia adaphulitsa msasa wa Chikumbi mu 1978 ndi mlatho wa Chambeshi mu 1979. Chidasowa ndi msika. Kuyambira pa bungwe losindikiza mabuku la Northern Rhodesia ndi Nyasaland la mu 1948 kufikira NECZAM, wogula wamkulu wa buku la Chinyanja adali sukulu, ndipo sukulu inkafuna mwambo ndi chiphunzitso. Chingerezi chitakhala chiyankhulo chophunzitsira kuyambira kalasi yoyamba mu 1966, zosangalatsa zidapita komweko.

Kulemera kwa zimenezi kumaoneka bwino tikaganizira wophunzira wa m'boma la Chama. Kwawo amayankhula Chisenga, chimene, pamodzi ndi Chitumbuka, sichili m'gulu la ziyankhulo zisanu ndi ziwiri zimene boma lidasankhira masukulu. Chinyanja amakumana nacho m'kalasi. (Bomalo lidachotsedwa m'chigawo cha Kummawa mu 2011 kupita ku Muchinga, nkubwezedwanso mu 2021, koma lilime la kunyumba silidasamuke.) Ngati buku lokhalo lomuchezetsa usiku pa koloboyi lili m'Chingerezi, pamene la Chinyanja limangomukonzekeretsa mayeso, mwanayo sachedwa kugamula kuti chiyankhulo chofunika nchiti. Komatu Chama ndi bwalo loyenera nkhani yotere: malire ndi Malawi ali pafupi, ndipo m'chigwa cha Luangwa ozembetsa minyanga ya njovu ndi nyanga za chipembere adasakaza nyama m'zaka za m'ma 1970 ndi 1980, mpaka zipembere zidachita kubwera nazo kuchokera ku South Africa mu 2003.

Wofuna kulemba nkhaniyo apeza vuto limene Maillu adalithawa posampatsa Kamba mudzi. Choyamba, m'dera la Mfumu Kambombo mlendo sabisika. Asadafike nkomwe kwa anyakwawa, amayi kuchitsime afunsana kale kuti ndi mwana wa yani. Chachiwiri nchokhudza liwu lenilenilo. Kwa amene adakhala mu ulamuliro wa chipani chimodzi, ku Zambia mpaka 1991 ndi ku Malawi mpaka 1994, kazitape sadali ngwazi yovala suti. Adali mnansi wotchera khutu pamowa, uja a ku Lusaka ankamutcha shushushu, amene akafika anthu ankasintha nkhani nkuyamba kukamba za mvula.