Maina a Malo: Tidachotsa a Chingerezi, Nanga Kalembedwe?

Maina a Chingerezi adafika m'dziko muno m'njira ziwiri. Njira yoyamba idali yolemekeza anthu ndi malo a ku Ulaya. Blantyre, yemwe amishoni adamukhazikitsa mu 1876, adatenga dzina la kwawo kwa David Livingstone ku Scotland. Cape Maclear akumbutsa Thomas Maclear, katswiri wa nyenyezi wa ku Cape Town, ndipo Fort Johnston adali kulemekeza Harry Johnston. Titalandira ufulu mu 1964, ambiri mwa maina otere adasinthidwa: Fort Johnston adasanduka Mangochi, Port Herald Nsanje, Fort Manning Mchinji, Fort Hill Chitipa.

Njira yachiwiri idali yobisika. Mzungu adamva dzina lathu ndi khutu lachilendo, nalilemba monga adamvera: Cholo, Mlanje, Ncheu, Kota Kota. Pokonza kuti Thyolo, Mulanje, Ntcheu ndi Nkhotakota, tidachita bwino ndithu.

Koma ntchitoyi ili ndi msampha umene alembi ndi akonzi ayenera kuuzindikira. Tiyeni tione boma la Machinga, lomwe kale linkatchedwa Kasupe, ndi la Balaka, lomwe lidapatulidwa ku Machinga mu 1998. Kumeneku kuli Ntaja ndi Nkaya. M'Chichewa, t kapena k akatsatana ndi n amatuluka ndi mpweya, n'chifukwa chake timalemba nthawi ndi nkhani. Mkonzi wachangu angathe kulemba Nthaja ndi Nkhaya, naganiza kuti wachotsa cholakwa cha atsamunda. Komatu dera limeneli muli Ayao ambiri, ndipo Chiyao chili ndi katchulidwe kakekake. Kuumiriza lamulo la Chichewa pa dzina lililonse la kumeneku ndi kubwereza zomwe adachita Mzungu uja, kungosintha khutu.

Malamulo a kalembedwe a 1973, omwe adakonzedwanso mu 1980 ndi 1990, ndi a mawu a Chichewa. Sadziwa mwini dzina. Choncho tisanakhudze lemba ngakhale limodzi, tifunse mafunso atatu: dzinali ndi la chiyankhulo chiti, eni dera amalitchula bwanji, nanga limatanthauzanji? Mayankho ali kwa mafumu monga Liwonde, Kawinga ndi Nsamala, ndi kwa akuluakulu a m'midzi yawo. Mphunzitsi akalemba dzina pa bolodi, ana makumimakumi amalikopera. Likalakwika pamenepo, lalakwika kwa mbadwo wonse.