Chithunzi cha Mwanawankhosa cha ku Ghent, ndi Manja Amene Chinapitamo

Mwezi uno tikambe za chithunzi chimodzi chakale cha ku Ulaya. Pakuti mbiri yake ili ndi mau kwa onse amene asunga katundu wa mpingo. Chili mu mzinda wa Ghent, m'dziko la Belgium, kumene anthu alankhula Chidatchi. Anachilemba amuna awiri apachibale, Hubert ndi Jan van Eyck. Hubert anamwalira mu 1426 ntchito ili pakati, ndipo mphwake anaitsiriza mu 1432. Amene analipira ndiye Joos Vijd, munthu wachuma, pamodzi ndi mkazi wake, nachipereka ku nyumba ya Mulungu imene lero itchedwa St Bavo.

Chinalembedwa ndi utoto pa matabwa olumikizana, ndipo a m'mbali atseguka ndi kutsekeka ngati zitseko. Pakati paoneka Mwanawankhosa ali chilili pa guwa, mwazi ulikutuluka pachifuwa pake ndi kugwera m'chikho. Patsogolo pali kasupe wa madzi, ndipo makamu a anthu adza kuchokera mbali zonse, monga tiwerenga pa Chivumbulutso 7. Ine ndiyesa kuti nzeru yaikulu ya amisiri aja ili apa: analemba zovala za akulu ndi miyala yao yonyezimira mosamala ndithu, ngakhale maluwa a m'thengo limodzilimodzi, koma zonsezo anaziika moyang'ana kanyama kamodzi kofatsa. Diso lingayende m'mbali, koma libwerera pomwepo.

Tsono tamvani za eni ake. Mu 1566 anthu otsata chiphunzitso cha Calvin anauka naphwanya mafano m'matchalitchi a dzikolo, ndipo osunga chithunzichi anachibisa m'nsanja. Tisabise, amenewo ndiwo a mtundu wa mpingo umene unatuma aphunzitsi athu ku Mvera mu 1889 ndi ku Magwero mu 1899; ndipo Katekisma wa Heidelberg, pa funso 98, akaniza kuphunzitsa anthu ndi zithunzi m'malo mwa Mau olalikidwa. Anzathu a ku Kachebere aona mwina. Mlandu umenewo sitiuweruza pano; koma ophwanyawo, ngakhale anachita mwaukali, anaopa chithunzicho chifukwa cha chipembedzo, ndipo mtengo wake sanaufunse.

Mu 1794 asilikali a France ananyamula matabwa apakati kunka nawo ku Paris, ndipo anabwezedwa Napoleon atagonja mu 1815. Kulanda kotere tikudziwa. Akulu a kuno asimbabe za ng'ombe za Angoni a Mpezeni zimene zinatengedwa pa nkhondo ya 1898. Koma chimene chindiwawa ine ndi cha mu 1816. Chaka chimenecho kunalibe nkhondo, kunalibenso wophwanya. Akulu ena a tchalitchi lomwelo anatenga zitseko zisanu ndi chimodzi nazigulitsa kwa wamalonda dzina lake Nieuwenhuys. Iyeyo anagulitsa kwa Mngelezi, Edward Solly, ndipo mu 1821 mfumu ya Prussia inazigula nizipititsa ku Berlin. Kumeneko, mu 1894, anazing'amba ndi macheka m'kunenepa kwake, kuti nkhope ndi msana zioneke pamodzi pakhoma. Taonani, asilikali anabweza zao patapita zaka 21, koma zogulitsidwa ndi osunga zinakhala kunja zaka zoposa 100. Wolanda adziwika kuti ndi wolanda. Koma wogula ali nayo kalata, ndipo ndani adzamtsutsa? Kunatengera nkhondo yaikulu, yomwe ija makolo athu anasenzera katundu monga amtengatenga, ndi pangano la Versailles la 1919, kuti Ajeremani akakamizidwe kubweza chimene anachigula ndi ndalama. Iwo anadandaula, ndipo m'kudandaula kwao munali choonadi pang'ono. Woyamba kulakwa anali uja wa m'nyumba, amene anayesa chopereka cha akufa ngati chake. Akulu a mpingo amene asunga belu, mabuku ndi munda wa tchalitchi alingalire pamenepa.

Zotsala tizinene mwachidule. Pa nkhondo yachiwiri chithunzichi chinathawitsidwa ku Pau m'dziko la France. Mu 1942 anthu a Hitler anachitenga, nachibisa pambuyo pake mu mgodi wa mchere ku Altaussee, kumene asilikali a America anachipeza mu 1945. Amisiri anayamba kuchitsuka mu 2012, napeza kuti wina wa zaka za m'ma 1500 anaphimba nkhope ya Mwanawankhosa ndi utoto watsopano. Ataichotsa mphimbayo, inaoneka nkhope ya maso openyetsa munthu kutsogolo, ndipo ambiri anadzidzimuka nayo. Ine ndiikonda yoyambayo, pakuti nkhosa wamba siyang'ana chomwecho.

Thabwa limodzi lokha silinabwere. Usiku wina wa April 1934 mbala inalowa m'tchalitchi niba chigawo chotchedwa Oweruza Olungama, nilemba makalata ofuna ndalama kwa bishopu. Kufikira lero sichinapezeke, ndipo pamalo pake paima chofanizira chimene analemba Jef Van der Veken.