Wolipira Ndani? Maganizo pa Kanema wa Chimwenye kwa Maganga

Pano pa koleji kanema wa Chimwenye tinamuweruza kale, ndipo milandu yake ilipo itatu. Woyamba, akuti ndi wautali: maola atatu munthu ali chikhalire. Wachiwiri, akuti anthu ake sachedwa kuimba. Mnyamata ndi mtsikana akangopenyana, ng'oma yalira, chigulu cha ovina chatulukira kuseri kwa phiri ngati chinabisala dala. Wachitatu, akuti ndi wa misozi, woyenera amayi ndi ana, osati munthu amene wawerenga Achebe ndi Shakespeare. Milanduyi ndaimva m'kalasi, ndaimvanso podyera, ndipo oizenga mokweza nthawi zambiri ndi aja sanaonerepo filimu ngakhale imodzi mpaka kumapeto.

Ine kwathu ndi kwa Maganga ku Salima, m'mbali mwa nyanja, ndipo ndifuna kumuikira kumbuyo kanemayu, koma osati mwachimbulimbuli. Mfundo yanga ndi imodzi. Filimu yabwino ya Chimwenye imadziwa kuti chikondi chili ndi mtengo wake, ndipo imationetsa munthu amene akulipira mtengowo. Filimu yofooka imatiliza ndi zeze ndi mvula, wolipira osaoneka. Muyeso umenewu sindinautole m'buku ayi; ndi womwe anthu akwathu amayesera akamatuluka mu vidiyo sho akutsutsana.

Amene simunafikeko muyenera kudziwa m'mene timaonera. Usipa amaupha ndi nyali usiku wa mdima. Tsono mwezi ukawala, kapena mwera ukakuntha, maboti amagona pamchenga, alovi n'kusowa chochita, ndipo mavidiyo sho a ku Senga Bay ndi m'midzi yozungulira amadzaza. Ndi kanyumba ka mabenchi, chinsalu pakhomo, sipika panja yoitanira anthu, magetsi a sola kapena jenereta. Za karate zilipo, za ku Nigeria zilipo, koma ya Chimwenye ikalowa ndi pamene mumaona mlovi wa zikhatho zolimba ngati thabwa akunamizira utsi kuti wamulowa m'maso. Mafilimu ambiri amabwera atamasuliridwa m'Chichewa ndi anyamata otchedwa ma DJ, amene ndi pakamwa pamodzi amalankhulira nkhalamba, namwali ndi chigawenga chomwe. Ena amaikitsa m'mafoni, ndipo si zachilendo kupeza amayi atatu oyanika usipa atazungulira foni imodzi pansi pa thandala.

Mlandu wa nyimbo ndiuthe msanga, chifukwa ndi wopepuka. Tonsefe tinakula ndi nthano. Wofotokoza akafika pothina, pamene mwana watsekeredwa m'ng'oma kapena wamasiye watayidwa kuthengo, amaleka kulankhula n'kuyambitsa nyimbo, ife n'kumavomera. Ndani wa ife anaimikapo agogo ake kuti afunse chifukwa chimene mwana wotsekeredwa akuimbira? Tinkadziwa kuti nyimbo imanena zimene pakamwa pachita nazo manyazi. Mu kanema wa Chimwenye, makamaka wakale, m'mene kupsompsonana kunali kosowa, nyimbo ndiyo inkasenza zimene thupi silikanaonetsa, ndipo n'chifukwa chake munthu angathe kuonera ali benchi imodzi ndi malume ake osayang'ana pansi. Nyimbo zongodzazira nthawi zilipodi. Kuzidziwa kwake n'kosavuta: ichotseni, muone ngati nkhani yatsimphina. Dandaulo langa kwa ma DJ lili pomwepa. Nthabwala zawo zimakoma, ndipo popanda iwo agogo anga sakanamva kanthu, koma ambiri amaopa chete. Mayi akayang'ana mwana wake osanena mawu, iwo amaponyapo nthabwala, mbiya n'kusweka ili pakhomo.

Tiyeni tsono ku mafilimu enieniwo. Ndiyamba ndi Mother India ya Mehboob Khan, ya mu 1957. Nkhani yonse yaima pa ngongole ya marupi 500 imene apongozi ake a Radha anatenga kwa Sukhilala, wakatapila wa m'mudzimo, kuti achititse ukwati. Pokhala anthu osadziwa kuwerenga, anangopezeka kuti chaka ndi chaka magawo atatu mwa anayi a zokolola akupita kwa Sukhilala, ngongole osatha. Mwamuna wa Radha mikono yake inaphwanyidwa ndi chimwala poswa mphanje, ndipo chifukwa cha manyazi anachoka osabweranso. Chigumula chinakokolola munda, mwana wamng'ono n'kumwalira. Sukhilala anabwera ndi chakudya, mtengo wake uli thupi la Radha, koma iye anakana. Potsiriza mwana wake Birju, amene anakula ndi chizondi, anasanduka chigawenga, napha Sukhilala, nagwira mwana wake wamkazi pa tsiku la ukwati kuti athawe naye. Radha anatenga mfuti n'kuwombera mwana wobala yekha.

Munthu wa kwa Maganga safuna womumasulira katapila. Amadziwa ukonde umene unapita ngati chikole, ndi injini imene inazulidwa pa boti chifukwa mwera unakana kuleka. Palinso china. Ambiri a ife Mmwenye timamudziwa ali kuseri kwa kauntala ku Lilongwe kapena ku Limbe, makamaka chichokereni m'zaka za m'ma 1970 pamene boma la Dr Banda linachotsa amalonda a Chimwenye m'madera a kumidzi. Kuona Nargis, amene akusewera Radha, akukoka khasu la ng'ombe ndi mapewa ake, kumatikumbutsa kuti ku India nakonso kuli wodya ndi wodyedwa. Misozi ya filimu iyi ndi yolipira. Chimene ndimakana ndi chisoti chimene imaveka kupirira. Radha ikumutcha mayi wa dziko kaamba kosadandaula, pamene Birju, yekhayo amene anafunsa kuti buku la ngongole lili ndi chiyani, filimuyi imayamba yamusandutsa chilombo kuti imuphe ife tikuvomereza.

Dilwale Dulhania Le Jayenge ya Aditya Chopra, ya mu 1995, ndi ya mtundu wina: yowala, yoseketsa, ya anthu okhuta. Pa holo ya Maratha Mandir ku Mumbai inakwanitsa masabata 1,000 ikuonetsedwa mu 2014, ndipo filimu yotere munthu wozama sangaitaye ndi mawu amodzi. Shah Rukh Khan ndi Raj, Kajol ndi Simran, onse ana okulira ku London. Anakondana pa ulendo wa pa sitima ku Ulaya, koma bambo wa Simran, Baldev Singh, anali atamulonjeza kale kwa mwana wa bwenzi lake ku Punjab.

Pachimake pa nkhaniyi si pa nyimbo za m'minda ya maluwa achikasu ija ayi. Ndi pamene mayi wa Simran, poona kuti mwana wake akulowa m'moyo womwe iye analowamo osafunsidwa, anauza awiriwo kuti athawe. Raj anakana. Anati mkazi sakuba. Adzamutenga pokhapokha bambo atamupereka ndi dzanja lake. Anzanga a pano amaseka pamenepa, ati n'kupusa. Kwathu saseka. Raj walowa pakhomo pa eni ngati mlendo, akutumikira, akunyamula mbale, akulawirira m'mamawa kukakhala ndi nkhalamba podyetsa nkhunda. Anthu akwathu amamuzindikira msanga: uyu ndi mkamwini ali pa mayeso. Amadziwanso kuti ukwati wopanda ankhoswe ndi chisakasa, mvula ikagwa ulibe kothawira. Kwa iwo kukana kwa Raj si mantha, koma kufuna kuti mkazi wake adzakhale ndi kwawo.

Komabe funso lathu lija tilifunse: wolipira ndani? Raj anamenyedwa pa siteshoni, magazi pang'ono, basi. Bambo wake ndi mpondamatiki. Simran ndiye anaika moyo wake wonse pachiswe, koma pa mkangano wa amuna awiriwa iye alibe mawu. Sitima ikunyamuka, bambo anamasula dzanja limene anamugwira nalo, iye n'kuthamangira dzanja lina lotambasulidwa pa khomo la sitima. Wachoka m'dzanja, walowa m'dzanja. Mayi wina wogulitsa nsomba ananena titatuluka kuti vuto la mwanayo n'lakuti alibe malume, ndipo ine ndimati analasa. Kwathu, kumene mwana ndi wa mbumba ya amake, bambo sangapereke mwana kwa bwenzi lake mwini mbumba osadziwa. Filimuyi ndimaikonda, koma misozi yake ndi ya ngongole, ndipo woibweza ndi Simran yekha.

Za nthabwala nditenge 3 Idiots ya Rajkumar Hirani, ya mu 2009, poti imatikhudza ife a pano. Ndi ya anyamata atatu pa koleji ya uinjiniya. Rancho, amene akusewera Aamir Khan, amadana ndi maphunziro oloweza. Farhan mtima wake uli pa kujambula nyama zakutchire, koma bambo wake anamusankhira ntchito tsiku limene anabadwa. Raju bambo wake ndi wopuwala, ndipo mlongo wake wakhalira pakhomo chifukwa banja lilibe chuma chimene kwawoko akuchikazi amapereka kwa akuchimuna. Filimuyi imaseketsa mpaka nthiti kuwawa, koma pakati pa kusekako wophunzira wina, Joy Lobo, anadzimangirira m'chipinda mwake atauzidwa kuti samaliza maphunziro chaka chimenecho, ndipo Raju naye anadziponya pa zenera. Aliyense wa ife amene fizi yake inachokera m'mabeseni a usipa, amene mudzi wonse unamuperekeza ku depoti, amaudziwa katundu amene Raju wasenza.

Malo amene ndimawakonda koposa ndi ofatsa. Farhan anapempha bambo wake, osakalipa, osathawa, kuti amulole kutsata mtima wake. Nkhalambayo, imene inadzimana zambiri kuti mwana aphunzire, inalimbalimba, kenaka n'kulamula kuti kompyuta imene inamugulira ikabwezedwe, m'malo mwake agule kamera. Apa wolipira tamuona: ndi bambo akukwirira loto lake ndi manja ake, akumwetulira. Zofooka zake ndaona ziwiri. Nthabwala yotchuka ija ya Chatur polankhula pa msonkhano yaima pa kuseweretsa liwu lotanthauza kugwirira mkazi, ndipo si onse m'holo amene amaseka ndi mtima wonse. Chachiwiri ndi mathero. Filimu imene yakhala ikutiuza kuti tisathamangire ulemerero imatha Rancho atasanduka wasayansi wotchuka amene makampani akumulimbirana. Kwa mnzanga amene digiri ili m'chikwama koma akusoka maukonde pagombe, lonjezo limenelo ndi nsima ya m'maloto.

Filimu imene ndikanakonda anthu akwathu ataiona m'Chichewa, womasulira wake ali wodziwa kukhala chete, ndi Chemmeen ya Ramu Kariat, ya mu 1965. Si ya ku Mumbai. Ndi ya ku Kerala, m'chilankhulo cha Malayalam, yochokera m'buku la Thakazhi Sivasankara Pillai la mu 1956, ndipo ndi ya asodzi. Karuthamma, mwana wa msodzi wa Chihindu, anakondana ndi Pareekutty, mnyamata wa Chisilamu wogula nsomba. Bambo wa mtsikanayo, pofuna boti ndi ukonde wakewake, anakongola ndalama kwa mnyamatayo podziwa kuti sangakane. Atalemera analeka kumugulitsa nsomba, ngongole osabweza, mwana n'kumukwatitsa kwa Palani, msodzi wamasiye wa gombe lina. Asodzi akumeneko amakhulupirira kuti mkazi akachimwa kumtunda, nyanja imameza mwamuna wake. Mphekesera zokha zinakwanira kuti anzake a Palani akane kukwera naye boti, iye n'kumapita yekha. Usiku umene Karuthamma anakumananso ndi Pareekutty, Palani anamezedwa ndi nyanja akulimbana ndi chinsomba chachikulu, ndipo mitembo ya okondana awiriwo inapezeka pamchenga itagwirana manja.

Msilamu ndi wa chipembedzo china, wogula nsomba ndi woipha, mwini boti ndi mlovi, chikhulupiriro chonga cha mdulo choti chigololo cha wina chimapha wosalakwa: zonsezi kwa Maganga si zachilendo. Ena amati filimuyi imavomereza chikhulupirirocho, poti nyanja inamezadi Palani usiku womwewo. Ine ndimaona zina. Nyanja isananene kanthu, filimuyi inali itationetsa kale dyera la bambo amene anagulitsa chikondi cha mwana wake pa boti, ndi malilime a pagombe amene anatumiza Palani m'madzi yekhayekha. Mwa zinayizi iyi ndiyo yopambana, chifukwa aliyense walipira, ndipo woonera amatuluka akudziwa amene anayamba kukongola.

Ndikawerenga nkhani zachikondi zimene ife ophunzira timalemba, kawirikawiri ndimapezamo anthu awiri okha, ngati anagwa kuchokera kumwamba. Alibe malume, alibe ngongole, alibe mlongo wodikira fizi. Misozi timaiopa ngati nthenda, poganiza kuti kuuma mtima ndiko kuzama. Sindikuti tiyambe kuvinitsa anthu pa phiri la Zomba. Ndikuti kanema amene timamunyozayu anadziwa kale kuti pa chikondi cha anthu awiri pamakhala mudzi wonse, ndi kuti nkhani ili pamene pali wolipira. Mwa mafilimu anayi ndatchulawa, atatu ngongole yaikulu yagwera mkazi: Radha, Simran, Karuthamma. Amayi a pansi pa thandala aja zimenezi amazidziwa bwino kuposa ife. Shemu Joyah anatsegula njira mu 2012 ndi The Last Fishing Boat, pamene anaika msodzi wa nyanja yathu pa kanema. Koma boti limodzi silikoka chilimira.