Kuseri kwa Zitenje Zinayi

Sofa inakakamira pakhomo. Anyamata anayi anali ataisenza kuchokera kunyumba kwa aphunzitsi ena, kudutsa nayo pabwalo la mpira dzuwa la Okutobala likuswa mtengo, ndipo tsopano inali itapingasa pachitseko cha kalasi, mutu mkati miyendo panja. Wina ankati itembenuzidwe, wina ankati ibwerere kaye. Ife oonerera tinkangomva phokosolo kuseri kwa zitenje zinayi zolumikiza ndi mapini, zopachikidwa pa chingwe chochoka pa windo ili kukafika pa windo ilo.

Panali pa sukulu ina ya sekondale yoyendera m'dera la Manjawira, kumunsi kwa Ntcheu, kumene msewu wa M1 umatsetserekera ku Phalula ndi ku Zalewa. Ana a kalabu ya drama ankaonetsa anzawo sewero loti akapikisane nalo. Gawo loyamba linali litatigwira pakhosi: mtsikana akuuzidwa ndi amalume ake kuti za sukulu zatha, mwamuna wapezeka. Analira mosakokomeza, m'kalasi monse munati zii. Kenaka zitenje zija zinakokedwa kuti tichoke kumudzi tipite kunyumba ya bwana wa m'tauni. Ndinayang'ana wotchi. Panadutsa mphindi 7. Mmene sofa imakhazikika, macheza anali atayamba kale, ena atatuluka kukagula mafilizesi kumpanda. Mtsikana uja atatulukiranso, misozi yake inali itasowa mwini.

Pomaliza apatironi anaimirira. "Ana inu mwayesetsa, koma mawu muzikweza. Iwe wosewera amalume, usamatipatse msana." Za sofa sanatchule. Sindikuwadzudzula, pakuti nafenso olemba za zisudzo m'dziko muno tili ndi mawu ambiri okambira wosewera ndi wolemba, koma a zochitika kuseri tilibe.

Mpikisano wa zisudzo za m'sukulu wa bungwe la aphunzitsi a Chingerezi la ATEM unayamba mu 1969, ndipo ambiri mwa anthu amene tikuwatcha akatswiri lero anadzera pamenepo. Aliyense wokonda zisudzo amadziwa kuti Du Chisiza Jr anapambana mu 1982 ali mwana wa sukulu ku HHI ku Blantyre ndi sewero lake la The Deceased's Attack, ndi kuti mu 1987 anayambitsa Wakhumbata Ensemble Theatre. Mufunse munthu yemweyo kuti anakoka katani tsiku limenelo ndani, muona akukanda m'mutu. Lero pabwera mipikisano ina ngati NASFEST, koma mayina amene amatsala pakamwa pa anthu ndi omwe aja: wosewera bwino wamwamuna, wosewera bwino wamkazi, wolemba. Ntchito ya kuseri imagwera amene analephera kuloweza mawu, kapena a Fomu 1 amene sangakane akatumidwa. Zochapa ndi kusita zovala zimangodziwika kuti ndi za atsikana, popanda wokambirana nawo.

Nanga sofa imachokera kuti? Ine ndimaloza filimu. Mwana wa ku Manjawira waona mafilimu a ku Nigeria ochuluka, m'mavidiyo sho a pamsika ndi pafoni, kuposa masewero a pasiteji amene adzaone moyo wake wonse. Mufilimu, kuchoka kumudzi kukafika m'nyumba ya bwana ndi kuphethira kwa diso. Mwanayo akakhala pansi kulemba sewero amalemba momwemo: kumudzi, kuofesi, kuchipatala, kumudzi kachiwiri, magawo khumi ndi kuposa. Sadziwa kuti pasiteji kudumpha kulikonse kumalipiridwa ndi thukuta la anthu onyamula katundu, ndiponso ndi chidwi cha oonerera, chimene chikazilala sichifundanso msanga. Pampikisano pali ndi oweruza ogwira wotchi, ndipo nthawi ya sewero ndi yoyeza. Luso loyamba la kuseri, kwa ine, ndi kudziwa kuti omvera angadikire mpaka pati asanayambe kufunsana za mpira.

Katundu aliyense wolowa pasiteji azilipira msonkho. Benchi limodzi la m'kalasi, likapezana ndi ana oganiza, limakhala bedi, likatembenuzidwa chammbali limakhala kauntala ya golosale, anthu atatu akakhalapo mothinana ndi kugwedera pamodzi limakhala minibasi, ndipo likanyamulidwa pamapewa mwakachetechete palibe wofunsa kuti ndi chiyani. Nyumba ya bwana ija ikanatheka ndi benchi lomwelo, nsalu yoyera pamwamba, ndi mmene bwanayo akukhalira. Ku Johannesburg mu 1981, Percy Mtwa ndi Mbongeni Ngema pamodzi ndi Barney Simon anatulutsa Woza Albert! ku Market Theatre. Osewera anali awiri okha, katundu wawo mabokosi awiri a tiyi, popachika zovala, ndi kamphuno kofiirira kamene ankavala akafuna kukhala mzungu. Sewerolo linazungulira dziko lapansi. Kamphuno kaja kankasintha munthu pamaso pa oonerera, popanda katani, ndipo kusinthako nakonso kunali gawo la chisangalalo.

Ngakhale Shakespeare amene ana athu amalimbana naye pokonzekera MSCE ankagwira ntchito m'malo ofanana kwambiri ndi kalasi ya ku Manjawira kusiyana ndi Great Hall ya ku Zomba. Nyumba ya zisudzo ya Globe, yomangidwa ku London mu 1599, inali yotsegula pamwamba, ankasewera masana, ndipo zokongoletsa pasiteji zinali zochepa. Usiku ukafunika, wosewera ankalowa atanyamula muuni n'kunena kuti kwada. Tsiku limene anafuna kuonjeza ukadaulo, mu 1613, anaombera mzinga mkati mwa sewero la Henry VIII, moto unagwira udzu wa padenga, nyumba yonse n'kupsa. Nkhaniyi ndimaikumbukira ndikaona mwana akuyatsa kandulo pafupi ndi chitenje cha nayiloni.

Koma sitikufunika kupita ku London. Pitani ku Umhlangano wa Angoni a Maseko ku Nkolimbo konkuno ku Ntcheu, musiye kaye kuyang'ana ovina ngoma, muyang'ane kumbuyo kwawo: wina akumanga mnzake manjerenjeza, wina akuongola nthenga za kumutu, wina akuona kuti chishango chili ku dzanja loyenera. Kumene kuli gule wamkulu, amene UNESCO inamuzindikira mu 2005, oimba ng'oma amayamba ndi kuziwamba pamoto ndi kumata phula pakati pa chikopa mpaka liwu likhale pamalo pake, ndipo chilombo sichitulukira pabwalo mwachisawawa. Pali oyang'anira njira yake, odziwa nthawi yake. Za kudambwe sitikamba pano. Chimene ndikunena n'chakuti anthu a kuno akhala akudziwa kuyambira kale kuti chooneka pabwalo chimapangidwa ndi osaoneka, ndipo osaonekawo amapatsidwa ulemu. Sukulu ndi imene inatenga katani wa azungu n'kusiya ulemuwo kumudzi.

Pa tsiku la sofa lija panali munthu mmodzi amene anandisangalatsa kuposa osewera onse. Anali mtsikana wamng'ono thupi, ataima pakona kuseri kwa zitenje ndi kope lakale la masamu. Nditapempha kuliona, ndinapeza kuti tsamba la kumanja analembapo mawu a sewero, la kumanzere analemba ndi pensulo kuti akulowa ndani, kudzera mbali iti, atanyamula chiyani. Pena anajambula kanyenyezi, kutanthauza kuti apa lata ligwedezeke. M'nyumba zikuluzikulu za zisudzo buku lotere ndi limene limayendetsa sewero lonse, ndipo woligwira amamveredwa ndi aliyense sewero likayamba, ngakhale wotsogolera amene. Iyeyu palibe anamuphunzitsa. Anangotopa ndi kukalipiridwa khasu likasowa. Ndinamumva akunong'oneza mnyamata wa Fomu 4, wamtali kumuposa kawiri: "Achimwene, khasu lanu ili. Musalowe chimanjamanja ngati dzulo." Anamvera.

Lata lija ndi limene linali bingu, ndipo linamveka bwino kuposa bingu la pafoni limene sukulu zina zimaliza kudzera pa sipika, lija limabwera mochedwa chifukwa woliza akufufuzabe pamene analisunga. Mchenga woyendetsedwa pa lichero ndi mvula. Matabwa awiri owombanitsa mwamphamvu ndi mfuti. Amene tinakula tikumvera Kapalepale ndi Pamajiga pa MBC tikudziwa kuti khutu limakhulupirira msanga kuposa diso: chitseko chikalira, nyumba yonse yaimirira m'mutu. Chovuta ndi nthawi yake. Kugogoda kukamveka dzanja la wosewera lisanafike pachitseko, holo yonse imafa ndi phwete, ndipo kulira kumene kumatsatira sikuthekanso. N'chifukwa chake wogwira lata ayenera kukhalapo pa kuyeserera kulikonse, osati kuitanidwa m'mawa wa tsiku lomwelo.

Za zodzola ndingodutsapo. Ufa kapena choko m'mutu kuti pakhale imvi, makala pachibwano kuti pakhale ndevu, madzi a chidede kuti pakhale magazi: zonsezi zimagwira, bola wina ayesere kaye pa kutentha kwa masana, pakuti thukuta limatsitsa imvi kufika m'maso. Chonditopetsa ndi nkhalamba ya m'masewero a m'sukulu, imodzimodzi chaka ndi chaka: jekete long'ambika, ndodo, msana wopindika, mawu onjenjemera. Agogo a ana omwewa amapalasa njinga kupita kumsika atavala malaya osita.

Kuwala ndiye kumene kuli umbuli waukulu, chikhalirecho n'kosavuta kuphunzitsa. Masewero ambiri a sukulu zoyendera amachitika masana, choncho nyali yake ndi windo. Mukaika osewera windo lili kumbuyo kwawo, oonerera amangoona zithunzithunzi zakuda, nkhope osaoneka. Tembenuzani mabenchi kuti kuwala kuwamenye kumaso, mwapeza zimene ena amagula ndi ndalama zambiri. Madzulo, babu limodzi lolendewera pamwamba pa mutu limakumba maenje m'maso mwa wosewera, kukhala ngati wadwala mwezi wathunthu. Matochi awiri a sola, imodzi kumanja ina kumanzere, kutsogolo ndi chapamwamba pang'ono, amabweza nkhope yonse. Mukazimitsa imodzi, mwapeza usiku. Mwana amene wayesa zimenezi kamodzi sadzaonanso kuwala monga ankakuonera kale, ndipo phunziro la fizikisi la mmene kuwala kumayendera limasiya kukhala la pabolodi pokha.

Kumene kuli magetsi mavuto amangosintha mtundu. Siteshoni yaikulu ya magetsi ya Phombeya ili chapafupi pomwepa ku Balaka, koma pasiteji ya sukulu mudzapezabe mawaya osenda olowetsedwa m'soketi n'kutsekera ndi timitengo ta machesi, chingwe chikudutsa pomwe osewera akuthamanga opanda nsapato. Mudzapezanso maikolofoni imodzi yopatsirana: mayi akulira maliro a mwana wake, kenaka n'kupereka maikolofoni kwa mnzake mwaulemu kuti nayenso alire. Ikayandikira sipika imalira mluzu woboola m'makutu, chifukwa ikumva mawu ake omwe n'kuwabweza mobwerezabwereza. Mankhwala ake ndi kuika sipika kutsogolo kwa osewera, kuyang'ana kwa anthu. M'kalasi ya anthu 100 maikolofoni sifunika n'komwe, kupatula mvula ikamenya malata. Komabe mwana wodziwa zingwe ndi masipika asanyozedwe, pakuti maukwati, matchalitchi ndi misonkhano ya ndale zimamufuna Loweruka lililonse, pamene wosewera bwino uja akudikira kuitanidwa.

Ndipo pali ulendo. Sewero la mpikisano silithera pakhomo. Liyenera kukwera galimoto kupita kuboma kapena kupitirira, kukalowa m'holo imene anawo sanaionepo, khomo lili mbali ina, siteji yokwera kapena yopapatiza. Gulu lokonzeka limatuma munthu wa kope uja kuti alowe msanga, ayeze siteji ndi mapazi, aone polowera ndi potulukira, auze anzake asanavale. Kwawo amakhala atajambula kale malire pansi ndi choko, n'kuyeserera kusintha malo pakokha, popanda mawu, wina atagwira wotchi, mpaka benchi liziyenda mkati mwa nyimbo imodzi. Kondakitala wa minibasi ya pa M1 mukamuonetsa sofa adzakutchulirani mtengo wa anthu anayi.

Madzulo a tsiku lija, osewera akujambulitsa ndi anzawo panja, mtsikana wa kope anatsala m'kalasi akuwerenga katundu. Khasu linabwerera kwa alonda, lichero kwa amayi ogulitsa mandasi, zitenje anazipinda chilichonse pachokha poti zinali za amayi anayi osiyana. Pini imodzi inasowa, anaifuna pansi pa madesiki mpaka anaipeza. Sofa inatuluka movutikira monga inalowera, ndipo inakafika kwawo mwendo umodzi ukugwedera. Mkazi wa aphunzitsi aja anaiyang'ana ali chiimire pakhonde, nati kumpikisano apite ndi ya wina.