Muyeso wa Thupi Ngwa Yani?

Abale, pali mau amene alikumveka tsopano pakati pa anamwali athu, amene makolo athu sakadawazindikira konse. Mtsikana wamoyo ndi wamphamvu, wokhoza kusenza mtolo wa nkhuni kucokera kuphiri, akankha mbale ya nsima nati, Ndirikuopa kunenepa. Mau awa adza ndi zithunzi za pa wailesi ya kanema, za m'manyuzi a zobvala ndi za pa Facebook, zimene zionetsa mkazi wa mtundu umodzi wokha, woonda ndi wa ciuno cacing'ono, monga ngati iye ndiye muyeso wa akazi onse. Tsono munthu wanzeru, asanaike mtedza wace pa sikelo ya wogula, ayamba wayesa sikeloyo. Tiyeni nafenso tiyese muyeso uwu.

Poyamba tione cimene ucita pofika pa mtundu wa anthu. Ku Fiji, zisumbu za m'nyanja yaikuru ya Pacific, anthu anali kulemekeza thupi lodzala monga ticita ife, ndipo munthu akayamba kuonda abale ace anali kuda nkhawa. M'caka ca 1995 wailesi ya kanema inafika m'dera la Nadroga. Dotolo Anne Becker wa ku Harvard anafunsa atsikana a sukulu caka comweco, ndipo sanapeze ndi mmodzi yemwe wodzisanzitsa kuti aonde. Pofunsanso m'caka ca 1998, anapeza kuti atsikana 11 pa 100 ali onse analikudzisanzitsa, ndi 74 pa 100 analikudziona onenepa kopambana. Matupi ao anali omwewo a kale. Maso okha ndiwo anaphunzitsidwa kudzinyoza.

Kaciwiri, zithunzizo siziri zoona. Amazikonza pa kompyuta, nacepetsa ciuno, natalikitsa miyendo, nafafaniza zipsera, kotero kuti mwini cithunzi yemwe safanana naco. Cinyengo ici cinakula kufikira boma la France linalamula, kuyambira caka ca 2017, kuti cithunzi ca malonda cimene thupi la munthu lakonzedwa motero cikhale ndi mau oulula za kukonzako. Akuru anati cikomekome ca mkuyu m'kati muli nyerere. Kodi mwana wathu adzisautse ndi njala kuti afanane ndi munthu amene kulibe?

Kacitatu, njala yodzipatsa dala sicita cimene ilonjeza. Ku Minnesota, m'dziko la America, m'zaka za 1944 ndi 1945, amuna 36 anadzipereka kwa Ancel Keys kuti ayese pa iwo nchito ya njala. Miyezi isanu ndi umodzi anadya monga theka la cakudya cao, ndipo anataya monga limodzi la magawo anai a kulemera kwao. Anafooka, namva tsemwe, nakhala okwiya msanga, ndi mitima yao inangolingalira za cakudya usana ndi usiku. Atawamasula, ambiri anadya kosaleka, ndipo mafuta anabwerera kuposa kale. Umo ndimo thupi lidzicinjirizira, ndipo wogulitsa tiyi woondetsa adziwa ici bwino, pakuti wogula adzabweranso. Tiyi wotere kawiri kawiri ali ndi mankhwala otsegula m'mimba. Acotsa madzi ndi mphamvu, ndi ndalama zomwe.

Koma tisatsutse muyeso wa alendo ndi kusiya wathu wosayesedwa. Kwathu kuno timati kwa mkazi wokwatiwa, Mwanenepa, akukusungani bwino. Ndipo woonda timamnong'oneza. M'zaka zimene Edzi inakula pakati pathu, anthu ambiri oonda cibadwire anawalozera zala, ndipo ena mpaka lero agula mankhwala onenepetsa kuti atseke pakamwa pa anansi. Sikelo iyinso njonyenga. Pa khomo limodzi, pa nkhali imodzi, pakula mwana wamtali woonda ndi mbale wace wamfupi wojinca, onse awiri amoyo. Tibvomera kuti kunenepa kopitirira kumaitana nthenda ya shuga ndi ya kuthamanga kwa mwazi, ndi kuti kuonda kwa dzidzidzi kukhoza kukhala cizindikiro ca nthenda. Zotere aziweruze a kucipatala, amene ayesa mwazi ndi mtima. Asaziweruze wamalonda kapena amiseche a pacitsime.

Mlandu uwu ngwaukuru kwa ife cifukwa ca ici: pa kuwerenga kwa boma kwa zaka za 2015 ndi 2016, ana 37 pa 100 ali onse a m'Malawi osafika zaka zisanu anapezeka opinimbira. Namwali wokana cakudya lero ndiye mai wa mawa, ndipo mai wocepa mwazi abala mwana wocepa. Dziko lotere liribe mpata wa kusewera ndi njala.

Cifukwa cace inu amai, ndi inu anankungwi olangiza anamwali, phunzitsani ana kufunsa za thupi lao mafunso oyenera: Kodi ligona tulo? Kodi lilima, liyenda, liphunzira kosatopa msanga? Apatseni nsima ndi nyemba, usipa, ndiwo zamasamba zotendera ndi zipatso za nyengo yace, adye akhute. Ndi inu atate ndi anyamata, leka-ni kuseka msinkhu wa munthu, pakuti mau oponyedwa pa bwalo mwa nthabwala mwana akhoza kuwasenza zaka zambiri.