Galimoto ya Mawaya ndi Msewu Wake

Aliyense amene anayendapo m'tinjira ta ku Shikoswe kapena ku Zambia Compound, m'tauni ya Kafue, dzuwa litapendeka ndipo ana ataweruka kusukulu, adzavomereza kuti mwa amisiri onse a kumeneko, palibe wogwira ntchito ndi mtima wonse koposa mnyamata wopinda mawaya. Sitidabwa kuti lusoli linamera mizu kuno, pakuti mwana amaumba chimene maso ake anazolowera: sitima yakhala ikuwoloka mlatho wa pa mtsinje wa Kafue chiyambire 1906, fakitale ya feteleza ya Nitrogen Chemicals of Zambia inayamba ntchito mu 1970, ndipo usana ndi usiku malole a katundu amadutsa m'tauni, ena kulinga ku Chirundu, ena ku Livingstone.

Mmisiri weniweni amadziwika ndi mafupa a galimoto yake, osati zokometsera. Waya wokhuthala amauwongola pamwala nausandutsa msana. Wofewa wamkuwa, wosololedwa m'makina akufa, ndiwo mtsempha womangira mfundo. Ndipo mfundo ikakana kugwira, legeni yodula ku chubu chakale imathetsa makani. Matayala ena amawadula ku patapata wakutha, ena amawapanga ndi zitini za polishi, koma amene ndimawavulira chipewa ine ndi anyamata aja okulunga waya pamsomali kufikira utasanduka sipuling'i, kotero kuti galimoto ikagwa m'dzenje imanjanja ngati yamoyo. Mayeso aakulu ali pa chiwongolero, waya wautali uja wofika pachifuwa, umene uyenera kukhotetsa matayala onse awiri akutsogolo nthawi imodzi. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Wopupuluma amatulutsa galimoto yongodziwa kuyenda chamtsogolo. Zija zogulitsa kwa alendo, zonyezimira ndi utoto ndi mikanda, ine sindiziwerengera, pakuti sizinalawepo fumbi.

Tsono chiwongolero chimakwana dzanja la munthu mmodzi yekha, ndipo apa mpamene lusoli limadzutsa mlandu umene waya sungaweruze. Tsiku lina ndinakhala pakhonde la mbale wanga, ndikupenyerera mnyamata amene anali atangotsiriza lole ya matayala khumi, nanyamulitsa timiyala timene ankatitcha matumba a feteleza. Mnzake, wamng'ono msinkhu ndi wopanda galimoto, anapempha katatu kuti agwireko, ndipo katatu konse anamuyankha kuti: "Iwe, uthyola!" Sanalire. Anapita kungalande ya madzi otsukira mbale, nayala mabango asanu ndi limodzi pamwamba pake, natchinga njira ndi phesi la chimanga, nakhala pambali chete.

Mwini lole anazungulira bwalo kawiri, katatu, mpaka kulira kwa injini kwa pakamwa pake kunayamba kuzilala, pakuti ulendo wopanda kofikira ndi wopanda woufunsa mafunso sukhalitsa kukoma. Potsiriza analunjika ku mabango aja.

"Imani pomwepo, adalaivala! Pano ndi pa Chirundu. Mapepala ali kuti?"

"Pepani bwana, ndawaiwala ku Lusaka."

"Tsikani. Galimoto iyi tiiyese tokha ngati ili ndi mabuleki."

Taonani, amene ankatchulana kuti iwe tsopano akupatsana ulemu wa akuluakulu, ndipo chiwongolero chimene chinakanizidwa mwa pempho chaperekedwa mwa lamulo la seweroli, popanda wina kuchita manyazi. Ndikunenetsa kuti mmisiri wamkulu tsiku limenelo anali wamabangoyo, ngakhale kuti sanapinde waya ndi umodzi womwe, chifukwa ndiye anapatsa loleyo dziko loyendamo. Ndipo ndikaweruza galimoto ya mawaya, sindifunsa kokha ngati ikhota bwino, koma ngati yasiyira mnzake ntchito, kaya ya kondakitala, kaya ya makaniko, kaya ya msilikali wa pachipata. Chidole cha pulasitiki cha kusitolo chimafika chitatha kale, chikathyoka chathyoka, ndipo n'chifukwa chake mwini amachikumbatira yekha.

Loleyo inawoloka mlatho wa mabango uja kasanu, madalaivala akusinthana, ndipo ulendo wachisanu ndi chimodzi tayala lakumbuyo linaguluka, wina nagwira waya, wina namanga legeni ndi mano. Amayi ataitana kuti nsima yapsa, anyamatawo anaisiya pomwepo pa Chirundu, katundu ali momwemo, pakuti mapepala, anatero bwana uja, adzatha mawa.