Cithunzi Colaula N'citi?

Acinyamata anzanga a ku Petauke ndi ku Nyimba, mu 2009 anamwino ali pa sitalaka, mayi wina anaberekera panja pa cipatala ca UTH ku Lusaka, mwana n'kumwalira. Chansa Kabwela wa nyuzipepala ya The Post sanasindikize zithunzi za mayiyo, koma anazitumiza kwa akuluakulu a boma. Pulezidenti Rupiah Banda anati n'zolaula. Mtolankhaniyo anamangidwa, koma khoti linapeza kuti alibe mlandu.

Khoti linaona bwino. Cithunzi colaula cimadzutsa cilakolako, pamene zithunzi zija zinali kulirira amayi athu. Boma likaletsa zotere, limakhala likubisa manyazi ake. Inunso mukalandira cithunzi pa foni, dzifunseni: cikundiitanira ku cifundo kapena ku cimo?